Nyama nzathu, nanga ndalama zozisamalira nzayani?

Anthu a ku Dowa sanaiwale chaka cha 2003. M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho chilombo china chinatsika m'mapiri nkupha anthu atatu ndi kuvulaza ena 16, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anathawa m'midzi mwawo nkukagona ku boma, kusiya minda ndi ziweto popanda woyang'anira. Akuluakulu oona za nyama zakutchire anati ayenera kuti anali fisi wachiwewe, koma ambiri mwa amene anakumana nacho sanakhutire ndi yankho limeneli.

Sitikukumbutsa zimenezi pofuna kutukula zilonda zakale ayi. Tikufuna kuti aliyense amene alankhule za kusamala nyama ayambe wadziwa kuti mau akuti nyama zakutchire samveka chimodzimodzi ku Area 10 ndi ku Nachisaka. Kwa munthu wa m'tauni, nyani ndi wosangalatsa ana Loweruka masana. Kwa mlimi wa m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, nyani ndi mbala imene imajombetsa mwana kusukulu kuti akalonde chimanga, nguluwe ndiyo imafukula mbatata usiku, ndipo fisi ndiye amathyola khola la mbuzi. Tsono mlimi ameneyu akamva kuti ku Lilongwe kuli malo kumene nyani wovulala amaonedwa ndi dokotala, nkumapatsidwa mankhwala ndi chakudya tsiku ndi tsiku, amafunsa kuti: kodi ndalama zake zimachokera kuti, nanga bwanji sizibwera kuno kumene mwana akadwala timam'bereka mtunda wautali kupita kuchipatala? Ameneyu si mbuli. Ndi nzika imene ikufunsa funso loyenera, ndipo iyenera kuyankhidwa mwaulemu.

Malo amene tikunenawa ndi Lilongwe Wildlife Centre, amene ali m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa tauni yakale ndi City Centre. Amene anakhala mu Lilongwe zaka za m'ma 1990 akukumbukira kuti m'nkhalango yomweyi munali kale zoo, kumene nyama zinkakhala m'timakola tachitsulo topanikiza, ndipo pamene ndalama zoyendetsera malowo zinkachepa, nyamazo ndizo zinkaona zakuda. Mmodzi mwa akaidi a kumeneko anali kambuku wina amene anakodwa mumsampha ku Nyika, nkukhala zaka zambiri akuzungulirazungulira m'kakhola kamodzi. Ntchito yomanga malo atsopano inayamba mu 2007 ndi thandizo la bungwe la ku Britain la Born Free Foundation, ndipo amene amayendetsa malowa ndi a Lilongwe Wildlife Trust, bungwe losapanga phindu, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi malo ozisungira.

Cholinga cha malowa nchosavuta kumva: kupulumutsa nyama yovulala, yamasiye kapena yolandidwa kwa ozembetsa, kuichiritsa, ndi kuibwezera kutchire ngati nkotheka. Eni ake safuna nkomwe kuti malowa azitchedwa zoo, ndipo ali ndi chifukwa. Mwini zoo amasangalala khola likadzaza, pakuti ndipo anthu amabwera ambiri kudzaona. Pa Lingadzi ntchito imaoneka kuti yayenda bwino khola likatsala lopanda kanthu chifukwa mwini wake wabwerera kwawo. Lamulo lawo ndi lakuti nyama saziswanitsa, sazigulitsa, ndipo salola alendo kuzigwira. Nchifukwa chake malowa anavomerezedwa ndi mabungwe akunja oyang'anira malo otere, monga Pan African Sanctuary Alliance ndi Global Federation of Animal Sanctuaries.

Nyama zambiri zimene zimafika kumeneko ndi apusi ndi anyani, ndipo njira imene zimadzera ndi yochititsa manyazi. Kuti mwana wa pusi apezeke m'manja mwa wogulitsa m'mbali mwa mseu, ndiye kuti make waphedwa, pakuti pusi sapereka mwana wake mwaufulu. Wogulayo amam'manga chingwe m'chiuno nkumuika pamtengo wa pakhomo, ndipo akakula nkuyamba kuluma, banja limasowa pom'taya. Nyama yotere siingangotayidwa m'tchire. Iyenera kuyamba yakhala payokha ndi kupimidwa matenda, kenako kuphunzira kukhala ndi zinzake mpaka zitapanga gulu limodzi lodziwana, ndipo gululo ndilo limakamasulidwa kumalo ngati nkhalango ya Kasungu, kumene limalondoledwa kwa miyezi kuti aone ngati likutha kudzisakira chakudya ndi kuthawa adani. Ina imalephereratu kubwerera, ndipo iyenera kudyetsedwa mpaka imfa. Kunafikanso alendo ochokera kutali: mkango waukazi wa diso limodzi wotchedwa Bella unabwera mu 2009 kuchokera ku zoo ina ya ku Romania, ndipo wamphongo wotchedwa Simba unabwera kuchokera ku Ulaya mu 2014.

Ntchito ya bungweli inakula kupitirira mpanda wa pa Lingadzi. Pali gulu la madokotala a nyama limene limathamangira kulikonse m'dziko muno kumene njovu kapena nyama ina yakodwa mumsampha wa waya. Pali agalu onunkhiza amene anayamba ntchito ndi apolisi mu 2018 kuti azigwira minyanga ndi mamba a ngaka m'malo ngati bwalo la ndege la Kamuzu. Pali maphunziro a ana asukulu. Bungweli linali limodzi mwa amene analimbikitsa kuti lamulo la nyama zakutchire likonzedwe, ndipo kuchokera mu 2017 munthu wopezeka ndi mlandu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Kale milandu yotere inkathera pa chindapusa chochepa chimene wozembetsa ankangotulutsa m'thumba nkumapita.

Ife a nyuzipepala ino tikuti ntchito imeneyi ndi yofunika, ndipo tikufuna kumuyankha mlimi wa ku Nachisaka uja mosabisa. Choyamba, lamulo silingagwire ntchito popanda malo otere. Wapolisi akalanda ngaka yamoyo, umboni wake umapuma, umafuna chakudya, ndipo ngaka sidya nsima kapena madeya koma nyerere ndi chiswe. Popanda anthu odziwa kuisamala, imafa mlandu usanalowe m'khoti. Chachiwiri, nyama yakutchire yosungidwa pakhomo ndi chiopsezo kwa ana a pakhomopo ndi a oyandikana nawo, ndipo anthu a ku Dowa safunika kuuzidwa za kuopsa kwa chiwewe. Chachitatu, amene amazembetsa nyama si osauka a kumudzi. Wakumudzi amapatsidwa tindalama tochepa kuti atchere msampha, iyeyo ndiye amagwidwa, pamene bwana wake ali phee m'nyumba ya mpanda m'tauni. Chachinayi, ndalama zimene zimagwira ntchito pa Lingadzi sizinalandidwe kuchipatala cha kwanu. Zambiri mwa izo ndi zopereka za anthu ndi mabungwe akunja amene anazipereka chifukwa cha nyama, ndipo malowa atatsekedwa mawa, ndalamazo sizingasanduke mankhwala a malungo koma zingangopita ku dziko lina.

Komatu yankho lachinayili, ngakhale ndi loona, ndi pamene pagona nkhawa yathu. Ngati ndalama zambiri zimachokera kunja, ndiye kuti ntchito imene malamulo athu anaiika m'manja mwa boma ikuyenda ndi khasu lobwereka.

Tiyeni tione mmene chuma cha malo otere chimakhalira. Zolowa zimachokera ku mabungwe othandiza, kwa anthu akufuna kwabwino, kwa achinyamata akunja amene amalipira kuti adzagwire ntchito yodzipereka, ndi kwa alendo olipira pachipata. Zotuluka ndi malipiro a osamala nyama ndi alonda, chakudya cha nyama, mankhwala amene ambiri amagulidwa kunja, mafuta a galimoto, ndi kukonza mipanda. Vuto lake ndi lakuti zolowa zimabwera mwa apo ndi apo, pamene zotuluka sizidziwa tchuthi. Sitolo ikaona kuti malonda sakuyenda imatha kutseka mwezi umodzi. Nyani sangauzidwe kuti adikire mpaka othandiza atasaina mgwirizano watsopano. Kuonjezera apo, othandiza ambiri amakonda kupereka ndalama za ntchito yooneka ndi maso, ya zaka ziwiri kapena zitatu, imene angaijambule ndi kuilemba m'lipoti. Koma wolipira magetsi, mlonda wausiku ndi matumba a chakudya chaka ndi chaka amasowa. Ndipo zinthu zimene zikadabweretsa ndalama mwachangu, monga kulola alendo kujambulitsa atanyamula mwana wa nyama, ndi zomwezo zimene malowa anakana, ndipo anachita bwino kukana.

Zaka zapitazi zatiphunzitsa kuti mlendo ndi mame. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege, ndipo alendo ndi ogwira ntchito yodzipereka analeka kubwera m'dziko muno. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, kotero kuti ndalama iliyonse yotoleredwa pachipata inachepa mphamvu pogula mankhwala ndi mafuta. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kumaiko akunja, ndipo mabungwe ambiri m'Malawi muno anadzidzimuka ali manja lende, antchito ali pakhomo. Palibe mwa zinthu zimenezi chimene chinayamba chagogoda.

Abale athu amene anakhala zaka kunja akudziwa kuti vutoli si la Malawi yekha. Amene anali ku London mu 1991 akukumbukira kuti zoo ya mumzindawo, imene inatsegulidwa kale mu 1828, inalengeza kuti itsekedwa chifukwa cha kusowa ndalama. Inapulumuka chifukwa anthu wamba anakana, anasonkha ndalama ndi kukhamukira kumaloko, ndipo mfumu ya dziko la Kuwait inaperekapo mapaundi 1 miliyoni. Amene anali ku Lusaka akudziwa za Munda Wanga ku Chilanga, malo amene anafika poipa ali m'manja mwa boma mpaka bungwe losapanga phindu linawatenga kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Phunziro lake ndi limodzi: malo otere amapulumuka pokhapokha eni dziko akamawaona ngati awo. Kodi pa Lingadzi patagwa vuto lotere lero, ndi a Malawi angati amene angapise m'thumba?

Tili ndi mau kwa magulu atatu.

Kwa a Lilongwe Wildlife Trust tikuti: mwagwira ntchito yotamandika, koma tsegulani mabuku anu kwa a Malawi wamba monga mmene mumawatsegulira kwa othandiza. Sitikukuganizirani choipa chilichonse. Tikudziwa kuti lamulo la mabungwe omwe si aboma, limene linakonzedwanso mu 2022, limafuna kuti bungwe lililonse lizipereka chaka ndi chaka lipoti la chuma lounikidwa ndi akatswiri ku ofesi ya NGORA. Koma lipoti la m'Chingerezi lokhala mu ofesi kapena pa intaneti silifika kwa mphunzitsi wa ku Ntchisi kapena kwa nyakwawa ya ku Nachisaka. Tikupempha tsamba limodzi lokha pachaka, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, lofalitsidwa m'nyuzipepala ndi kuwerengedwa pa wailesi, lonena kuti zalowa zingati, zachokera kwa yani, zingati zapita ku nyama, zingati ku malipiro, zingati ku maphunziro a m'midzi, nyama zingati zalandiridwa, zingati zabwerera kutchire ndi zingati zafa. Tiuzeninso kuti thandizo lakunja litaima lero, nkhokwe yanu ingadyetse nyama miyezi ingati, ndi kuti a Malawi angati akukonzekeretsedwa kudzatsogolera ntchitoyi pamwamba penipeni. Kumene anthu sauzidwa zoona, mphekesera ndiyo imalamulira, ndipo m'dziko muno mphekesera yakuti azungu amakonda nyama kuposa anthu sisowa omvera.

Tikupemphanso kuti ntchito yanu ikwere mapiri. Nkhalango ya Ntchisi, imene makolo athu ankabisalamo pa nthawi ya nkhondo za Angoni, ndi imodzi mwa nkhalango zochepa zobiriwira chaka chonse zimene zatsala m'chigawo chapakati, ndipo mukadali anchima, anyani ndi mbalame zamitundumitundu. Mitsinje imene anthu amamwa ndi kuthirira madimba imachokera m'mapiri omwewo. Mwana wa sukulu ya mu Lilongwe atha kufika pa Lingadzi ndi minibasi imodzi. Mwana wa ku Nachisaka, amene amakumana ndi nyani maso ndi maso m'munda wa makolo ake, ndiye afunika kwambiri kumva chifukwa chake nyaniyo ayenera kukhala ndi moyo, ndipo makolo ake afunika kuthandizidwa njira zotetezera mbewu zawo. Kuphunzitsa munthu kukonda nyama imene ikumugoneka ndi njala, osamuthandiza kuteteza munda wake, nkutaya nthawi.

Kwa boma tikuti: nyama zakutchire ndi chuma cha dziko, ndipo udindo wake ndi wanu. Nkosayenera kuti boma lizilanda nyama kwa ozembetsa, nkukazitula pakhomo pa bungwe lodalira zopemphapempha, kenako nkusamba m'manja. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, makamaka a ku Dowa ndi ku Ntchisi, afunse kuti mu bajeti muli zingati za chisamaliro cha nyama zolandidwa, ndipo ngati mulibe, ziikidwemo, ngakhale zochepa, kuti dziko likhale ndi dzanja lake pa ntchitoyi. Nkhalango ya pa Lingadzi nayo itetezedwe ku maso a ofuna mapuloti, pakuti malo a pakati pa likulu la dziko akusilirika, ndipo nkhalango ikasanduka nyumba sibwereranso.

Boma lisamalenso kuti dzanja lamanzere lisagwetse zimene lamanja lamanga. Mu Seputembala 2021 khoti la ku Lilongwe linagamula Lin Yunhua, mkulu wa gulu lozembetsa nyanga za chipembere, kuti akakhale kundende zaka 14, ndipo dziko la Malawi linatamandidwa kunja konse. Mu Julaye 2025 kunamveka kuti munthu yemweyu ali m'gulu la akaidi okhululukidwa ndi mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo. Kodi mnyamata wa kumudzi amene akugwira ukaidi chifukwa cha ngaka imodzi aziganiza chiyani? Kodi wothandiza wakunja amene analipira agalu onunkhiza ndi maphunziro a ofufuza milandu adzaperekanso ndi mtima womwewo?

Ndiponso nkhani ya anthu ovutika ndi nyama isamakankhidwire kumbali. Mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks linasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku nkhalango ya Nkhotakota, imene ili pafupi ndi anthu a ku Ntchisi, ndipo ntchito yomanga mpanda inayendera limodzi ndi kusamutsako. Mu 2022 njovu zina 263 zinapititsidwa ku Kasungu, ndipo kuchokera pamenepo anthu a m'midzi ya m'malire a Malawi ndi Zambia anadandaula za minda yoonongedwa ndi abale awo ophedwa. Munthu amene waika maliro chifukwa cha njovu, kapena amene wakolola mapesi okhaokha chifukwa cha anyani, sangatonthozedwe ndi mau akuti nyama zimabweretsa alendo. Pafunika ndondomeko yomveka bwino yothandizira mabanja otere, ndipo mtengo wake uwerengedwe ngati gawo la mtengo wosamala nyama, osati ngati chifundo chapadera.

Gulu lachitatu ndi ifeyo a m'tauni, ndipo apa tisanamizane. Makala amene akumaliza mitengo ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amapsa m'mbaula zathu. Mwana wa pusi amagulitsidwa m'mbali mwa mseu chifukwa pali wa galimoto amene amaima nkufunsa mtengo. Nyama ya gwape ndi ya nguluwe imafika m'tauni chifukwa pali oidya. Ena amati amagula kanyamako pofuna kukapulumutsa, osadziwa kuti ndalama yawoyo ndiyo imatumiza wogulitsa kukapha mayi wina mawa lake. Mukaona nyama ikugulitsidwa, musagule. Dziwitsani apolisi kapena a nthambi ya nyama zakutchire.

Tilinso ndi mabanki, makampani a foni ndi a fodya amene chaka ndi chaka amalengeza phindu ndi kuthandiza mpira, gofu ndi mipikisano ya mitundumitundu. Palibe cholakwika ndi zimenezo. Koma kodi nkovuta kuti kampani imodzi ilonjeze kulipira chakudya cha nyama kwa zaka zisanu, ina ilipire basi yonyamula ana a sukulu za kumudzi kudzaona nkhalango ya pa Lingadzi kamodzi pa teremu? Ndipo inu amene munabwerako ku maiko akutali, munaona nokha mmene anthu akumeneko amalembetsera umembala wa malo otere nkumapereka kangachepe mwezi ndi mwezi. Chizolowezi chimenecho mubwere nacho kuno. Amene amasonkha ndiye amakhala ndi mphamvu yofunsa mafunso, ndipo tikafuna kuti mau athu azimveka pa kayendetsedwe ka malowa, tiyenera kuponyapo yathu. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ku Dowa ndi ku Ntchisi ndi kwawo kwa gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Pabwalo pamatuluka njovu, pamatuluka kasiyamaliro, pamatuluka zilombo zimene makolo athu anazitengera ku nyama zimene ankakhala nazo m'tchire lomwelo. Makolowo ankaziopa nyamazi, ankazisaka, komanso ankazipatsa ulemu waukulu mpaka kuziika pakati pa mwambo wawo wopatulika. Choncho kusamala nyama sikunabwere ndi ndege. Chimene chabwera ndi ndege ndi ndalama zokha, ndipo tsiku lina zidzabwerera ndi ndege yomweyo. Tsikulo lisadzatipeze tilibe dongosolo, pakuti makola a zoo yakale ija tinawaona, ndipo tikudziwa mmene nyama zimathera eni ake akayang'ana kumbali.